Chipanda chodzaza mphesa

Chaka changa choyamba pa ntchito yoperekera zakudya, mu lesitilanti ina kufupi ndi tauni ya Stellenbosch ku South Africa, ndinkayenda ndi kapepala m'thumba la malaya. Abwana a pamalopo anatilembera mawu oti tiziyankha mlendo akafunsa za vinyo. Wakuti ali ndi fungo la blackcurrant, wakuti gooseberry, wakuti truffle. Ndinkaloweza usiku m'chipinda changa ku Kayamandi ngati mmene tinkalowezera malikulu a mayiko ku pulayimale. Zipatso zakezo ndinali ndisanazionepo ndi maso, ngakhale kuzinunkhiza kumene.

Tsiku lina bambo wina wachikulire anandifunsa mwaulemu ndithu kuti truffle ndikunenayo amamveka bwanji m'kamwa. Ndinangoti kakasi, botolo lili m'manja. Abwana anandikokera kukhitchini n'kundiuza, anzanga onse akumva, kuti ndisamadzivute, anthu ngati ine lilime la vinyo tilibe, ntchito yanga n'kuthira basi. Mawu amenewo ndinagona nawo miyezi yambiri. Ine ndinaleredwa ndi agogo ofulula mowa ku Ntcheu, amene ankangonunkhiza pakamwa pa mbiya n'kudziwa kuti mowa upsa mawa kapena mkuja. Zoti mdzukulu wawo alibe mphuno zinkandiwawa kuposa kuchepa kwa malipiro.

Ndinasintha malo a ntchito. Kumalo atsopanowo woyang'anira vinyo anali mnyamata wa ku Zimbabwe, wamkulu pang'ono kwa ine, ndipo Lachiwiri lililonse tisanatsegule ankatilawitsa botolo limodzi. Tsiku limene ndikunenali anatulutsa botolo lolembedwa Aslina, pansi pake Umsasane. Chimene chinandikoka maso ndi chizindikiro chake: chipanda, chonga chomwe agogo ankatungira mowa, koma chodzaza mphesa. Anathira pang'ono m'tambula n'kundipatsa. Ndinayamba kulakatula za pakapepala zija, iye n'kundidula. "Zimenezo n'za m'buku, m'bale wanga. Iwe ukumva chiyani?"

Ndinanunkhizanso. Ndinati jambula, wakupsa kwambiri uja wosiya lilime lofiirira. Kenako utsi wa m'khitchini ya udzu m'mawa moto utazima. Kenako nthaka mvula yoyamba itangogwa. Nditameza, m'kamwa munauma ngati ndaluma suku losapsa bwino. Iye anangogwedeza mutu n'kundiuza kuti mwini wake wa vinyoyu akanandimva akanasangalala, chifukwa naye anachokera kumudzi kopanda mpesa ndi umodzi womwe.

Mwini wakeyo ndi Ntsiki Biyela. Anabadwa mu 1978 ndipo anakulira ku Mahlabathini, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku minda ya mphesa ya ku Cape. Anamulera ndi agogo ake aakazi, dzina lawo Aslina. Anamaliza sekondale mu 1996 akulakalaka uinjiniya, koma ndalama kunalibe, moti anakhala chaka akugwira ntchito ya m'nyumba. Mwayi unabwera kudzera ku kampani ya ndege ya South African Airways, yomwe inkapereka thandizo la maphunziro kwa achinyamata akuda oti akaphunzire ulimi wa mphesa ndi kapangidwe ka vinyo. Iye anavomera asanalawepo vinyo chibadwire, ndipo mu 1999 anafika pa yunivesite ya Stellenbosch. Atalawa koyamba sanamukonde, zimene amanena yekha mosabisa.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi zonse ndikamaganiza za mayiyu. Maphunziro pa yunivesiteyo nthawi imeneyo ankachitika m'Chiafrikaans, chinenero chimene iye sankachimva. Tangoganizani mtsikana wa Chizulu atakhala m'kalasi lodzaza ana a eni minda, anyamata amene anakula akuthamanga m'mizere ya mphesa za makolo awo, mphunzitsi akufotokoza za shuga ndi asidi m'chilankhulo chimene kwawo ankachidziwa ngati cha apolisi a tsankho. Aliyense wa ife amene anafika m'dziko lino n'kumangomwetulira pamene anthu akuyankhula zosamveka akudziwa kutopa kwake. Iye anapirira zaka zonsezo, uku akugwira ganyu pa munda wa Delheim kuti aone ndi manja zimene ankamva m'kalasi. Anatenga digiri yake mu 2003, ndipo mu 2004 analembedwa ntchito yopanga vinyo pa kakampani kakang'ono ka Stellekaya, m'tauni momwemo mwa Stellenbosch. Vinyo wake wofiira woyamba anapata mendulo ya golide pa mpikisano wa Michelangelo. Mu 2009 anasankhidwa kukhala mayi wopambana pa opanga vinyo m'dziko lonse la South Africa.

Nyuzipepala zimakonda kumutchula kuti mayi wachikuda woyamba kupanga vinyo m'dzikoli. Ndi bwino kukumbukiranso Carmen Stevens wa ku Cape Flats, mayi wa m'gulu la makaladi amene anamaliza maphunziro opanga vinyo pa koleji ya Elsenburg mu 1995 atakanidwa kangapo. Kusiyanitsa kwake kumachokera m'magulu amene boma la tsankho linagawira anthu malinga ndi khungu, ndipo ine sindiona phindu lokanganirana kuti woyamba ndani. Chondidabwitsa n'choti zinatenga zaka zoposa 330 kuti funso loterolo lifunsidwe n'komwe.

Pajatu vinyo kuno ndi wakale. Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika ku Cape, analemba m'buku lake kuti pa 2 Febuluwale 1659 anafinya mphesa za ku Cape koyamba. Simon van der Stel, amene analamulira Cape pambuyo pake, anakhazikitsa Stellenbosch mu 1679, ndi munda wa Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo amene anakakhala ku dera lomwe lero ndi Franschhoek. Mayina amenewa alendo amawamva pa ulendo uliwonse wokaona minda. Amene sawamva kawirikawiri ndi a anthu amene ankalima, kudulira ndi kuponda mphesazo. Anali akapolo ochokera ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia ndi Mozambique. Mu Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chitanyamula anthu oposa 400 kuchokera ku Mozambique kupita nawo ku Brazil, chinasweka pamiyala ya ku Clifton, ku Cape Town. Pafupifupi theka anamira, ndipo opulumukawo anagulitsidwa konkuno ku Cape. Ndikadutsa pa Clifton ndimaganiza kuti misika ya akapolo ya kugombe la Mozambique inkalandira anthu ochokera kutali kumtunda, mbali zathu zomwe zija.

Ukapolo unathetsedwa mu 1834, anthu n'kumasulidwa kwenikweni mu 1838, koma m'minda munatsala chizolowezi chotchedwa dop: wantchito ankalandira gawo la malipiro ake ngati vinyo wotchipa, kangapo pa tsiku. Lamulo linaletsa zimenezi mu 1960, koma m'minda ina zinapitirira mpaka zaka za m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuonekabe pa ana obadwa ndi mavuto chifukwa mayi ankamwa ali woyembekezera. Mbali inayi, munthu wakuda ngati agogo Aslina sankaloledwa ndi lamulo kugula vinyo kapena mowa wa Azungu mpaka 1962. Ena ankamwetsedwa mokakamiza, ena ankaletsedwa kugula. Umu ndi mmene vinyo ankadziwikira kwa anthu akuda a dziko lino pamene Ntsiki ankakwera basi kupita ku Stellenbosch.

Atagwira ntchito zaka zoposa khumi pa Stellekaya, atakakololako mphesa ku Tuscany m'dziko la Italy ndi ku Bordeaux m'dziko la France, komanso atapangira limodzi vinyo ndi Helen Keplinger wa ku California, mayi Biyela anayambitsa kampani yawoyawo mu 2016. Pamabotolo a kuno pamakhala mayina a minda, a mapiri, a mabanja a Chidatchi ndi Chifalansa. Iwo analembapo dzina la agogo awo. Vinyo wawo wamkulu anamutcha Umsasane, lomwe ndi dzina la Chizulu la mtengo waminga wotambalala pamwamba ngati ambulera, m'bale wake wa mthethe ndi msangu. Linalinso dzina limene anthu ankatchulira agogo Aslina. Amene anakhalapo pansi pa msangu masana a mwezi wa Okutobala, mbuzi zikutola nyemba zake, safunika kumufotokozera chifukwa chake mayi wolera adzukulu angapatsidwe dzina la mtengo wotero.

Kapangidwe ka vinyo ndinakamvetsa msanga chifukwa cha agogo anga, osati chifukwa cha buku. Kuno ku Cape mvula imagwa m'nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, pamene kwathu kuli chilimwe cha mphepo. Mphesa zimapsa kukutentha kopanda mvula, mphepo yamphamvu ya kummwera chakummawa ikuumitsa masamba kuti asagwire chuku, ndipo zimakololedwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi. Ntchito yaikulu ya wopanga vinyo imayambira m'munda: kulawa mphesa, kutafuna njere zake, kuyeza shuga, n'kugamula tsiku lothyola. Akafulumira vinyo amawawasa, akachedwa amakhala waukali wopanda moyo. Agogo ankachita chimodzimodzi ndi chimera. Ankafukula masamba a nthochi amene anafunditsa chimanga chonyowa, n'kuona kutalika kwa mizu, n'kutafuna njere imodzi. Tsiku limodzi lokha linkasiyanitsa chimera chabwino ndi chowola.

Kusiyana kwake n'kwakuti chimanga chilibe shuga wokonzeka, n'chifukwa chake timachimeretsa ndi kuphika phala kuti ufa usanduke zotsekemera. Mphesa imabwera ndi shuga wake kale. Amaichotsa ku tsinde, kuiphwanya, ndipo yisiti amayamba kudya shugayo n'kutulutsa ukali wa mowa ndi mpweya. Thanki imawira, imachita thovu, imatentha, ndipo ukayandikiza khutu umamva kulira komwe kuja kwa mbiya usiku wa tsiku lachitatu. Madzi a mphesa, ngakhale yakuda, ndi oyera. Kufiira kumachokera ku makoko, choncho popanga vinyo wofiira makoko amawasiya momwemo. Mpweya umawakankhira pamwamba n'kupanga chikhungu cholimba, ndipo antchito amachibwezera pansi kangapo pa tsiku kuti mtundu ndi kukoma zilowe m'madzi. M'makoko ndi m'njere momwemo ndi mmene mumachokera kuuma kwa m'kamwa kuja ndinati kwa suku losapsa, kumene eni ntchito amati tannin. Ndi kumene kumathandiza vinyo kukhala zaka osawonongeka, ndipo kumafewa akamakalamba.

Akatha kuwira amamufinya n'kumuthira m'migolo ya matabwa a oak, yambiri ya malita 225 kapena 300, mmene amagona chaka kapena kuposerapo. Thabwalo limapuma pang'onopang'ono, ndipo popeza mkati mwa mgolo amawaula ndi moto poupanga, limapatsa vinyo kafungo ka utsi. Utsi wa khitchini ya agogo umene ndinaumva tsiku lija sunali wa m'mutu mwanga ayi, unalimodi. Pomaliza pamabwera kusakaniza. Umsasane ndi msanganizo wa mitundu itatu ya mphesa yochokera ku Bordeaux: Cabernet Sauvignon ndiye msana wake, Cabernet Franc amawonjezera fungo la masamba ndi maluwa, Petit Verdot pang'ono amabweretsa mtundu wakuda ndi mphamvu. Palibe makina amene angagamule muyezo wake. Munthu amakhala ndi matambula patsogolo pake, kulawa, kulavula, kusintha, mpaka lilime livomere.

Mwa vinyo woyera wa Aslina, amene ndimamukonda kugulitsa ndi Sauvignon Blanc, chifukwa cha mawu amodzi. Yisiti akamaliza ntchito amafa n'kukhazikika pansi pa thanki ngati matope oyera. Ambiri amafulumira kuchotsa vinyo pa matopewo kuti akhale wowala ndi wakuthwa. Mayi Biyela amamusiya pamenepo miyezi, kuti akhale wonona, wodzaza m'kamwa. Mnzanga wa ku Zimbabwe uja atandifotokozera ndinaseka ndi chimwemwe, chifukwa zotsalira pansi pa mowa ife tili nalo dzina lake: masese. Vinyo wogona pa masese ake. Fungo lake kwa ine ndi magalagadeya ndi jamu, uja ana amagulitsa m'timbale pokwera phiri la Zomba. Chardonnay wawo amaphatikiza mphesa za ku Stellenbosch kotentha ndi za ku Elgin kozizira, kumene amalimanso maapozi, ndipo thabwa silimveka mopitirira. Palinso Chenin Blanc amene amamuwiritsa ndi makoko ake ngati wofiira, choncho ali ndi kakuuma pang'ono kumapeto. Ameneyo ndi gwafa wakupsa, ndipo apa ngakhale Azungu a kuno amavomereza, amatinso gwafa.

Pambuyo pake ndinamva kuti mayi Biyela nawonso amachita zomwezi. M'zokamba zawo akhala akunena kuti fungo lina limene anzawo amalitcha la truffle, bowa womera pansi pa nthaka, iwo limawakumbutsa amasi, mkaka wowawasa wa m'chipanda umene ife timati chambiko. Ndiye kuti yankho la funso la bambo wachikulire uja ndinali nalo m'mphuno nthawi yonseyi, kungoti palibe anandiuza kuti ndi lololedwa. Mawu a pakapepala aja si abodza. Anapangidwa ndi anthu a ku England ndi France pogwiritsa ntchito zimene zimamera kuseri kwa nyumba zawo, ndipo kwa iwo ndi oona. Cholakwika n'kuwasandutsa mayeso, n'kumati amene sanadyepo blackcurrant ndiye kuti samva kukoma. Mwana amene anakula akusiyanitsa masuku a mtengo uwu ndi a mtengo uwo, amene amadziwa bowa wodyedwa pongomununkhiza, amene amazindikira kuti thobwa layamba kusasa lisanafike pakamwa, ali ndi nkhokwe ya fungo yoposa ya anthu ambiri amene ndimawathirira vinyo. Anyamata anayi a ku Zimbabwe, Tinashe Nyamudoka, Joseph Dhafana, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, amene anabwera kuno ngati ife tomwe, anakaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo mosaona botolo ku France mu 2017. Malilime awo analeredwa ndi sadza.

Sindikufuna kuti nkhaniyi ikome kuposa mmene ilili. Aslina ilibe munda wakewake wa mphesa. Mayi Biyela amagula mphesa kwa alimi amene amawakhulupirira, n'kumapangira vinyo m'nyumba zobwereka. Njira imeneyi ili ndi ubwino wake, chifukwa amasankha mphesa kulikonse kumene zachita bwino, ndipo opanga vinyo ambiri otchuka amatero. Koma kwa anthu akuda ambiri si kusankha ayi, ndi chifukwa choti nthaka ya ku Stellenbosch ndi yodula moti munthu woyamba wopanda cholowa sangaigule, ndipo mpesa ukabzalidwa umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke zoti n'kupangira vinyo. Minda yambiri idakali m'manja mwa mabanja omwe aja. Othyola mphesa nawonso adakali omwe aja, kuphatikizapo obwera ochokera ku Lesotho, Zimbabwe ndi kwathu. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa zodya ku De Doorns ananyanyala ntchito n'kutseka msewu waukulu wa N1, akufuna marandi 150 (R150) pa tsiku m'malo mwa R69, ndipo boma linakweza kufika pa R105 chaka chotsatira. Botolo limodzi limene ndimatsegula patebulo limaposa malipiro a tsiku a munthu amene anathyola mphesa zake. Zimenezi ndimazikumbukira ngakhale botololo likhale la Aslina. Chimene ndimawalemekezera mayiwa n'choti sanatseke chitseko atalowa: akhala akuthandiza kutsogolera Pinotage Youth Development Academy, sukulu yophunzitsa achinyamata a m'makomboni a kuno ntchito za vinyo, kuti mwana wa wothyola mphesa akhale ndi poyambira pena.

Agogo anga anamwalira ndisanayambe kumvetsa zonsezi. Mowa wawo ndi umene unandilipirira fizi mpaka Fomu 4, ndipo dzina lawo silinalembedwe pa chinthu chilichonse kupatula pamtanda wa pamanda. Amene anatengera dzanja lawo ndi azakhali anga, amene mpaka lero amafulula masese kukakhala chinkhoswe kapena sadaka. Nditapita kumudzi pa Khirisimasi ndinanyamula botolo limodzi la Umsasane, nditalikulunga m'thawulo pakati pa zovala, masiku awiri pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, mtima uli m'mwamba pa bampu iliyonse.

Ndinalitsegula madzulo pakhonde. Matambula a miyendo kunalibe, ndinathira m'kapu ya tiyi. Azakhali anayamba ayang'ana chipanda cha pa botolo nthawi yaitali, n'kuchisisita ndi chala. Kenako anachita zimene palibe anawaphunzitsa: ananunkhiza kaye, kupumula, kununkhizanso, kenako kumwa pang'ono n'kusunga m'kamwa, maso ali kumwamba.

"Jambula uyu," anatero. "Koma waukali. Wagona masiku angati?"

Ndinawauza kuti woposa chaka mumgolo wa matabwa, kenako m'botolo.

"Chaka! Osasasa?"

Ndinafotokoza za makoko, za migolo yodzaza mpaka pakamwa kuti mpweya usalowe. Anamvetsera ngati mmisiri akumva za msonkhano wa amisiri anzake. Anafunsa ngati amathiramo shuga, ndinati ayi. Anafunsa amene amafulula, ndinawauza za mayi wa Chizulu woleredwa ndi agogo ake, ndi kuti dzina lili pa botololo ndi la agogowo. Anakhala chete pang'ono. Kenako anapendeketsa kapu n'kudontheza pansi madontho angapo, mmene amachitira ndi mowa woyamba kutunga mumbiya, akutchula dzina la amayi awo chapansipansi.

"Nanga munda wake mayi ameneyu uli kuti?"

"Alibe munda, azakhali. Mphesa amachita kugula."

"Ngati ine chaka cha njala chija, chimanga cha chimera ndinkakagula ku Lizulu." Anamwanso pang'ono n'kundipatsira kapu. "Thiramonso pang'ono, mwanawe. Wotsalayo utseke bwino, mawa ndikawalawitse anzanga a ku mbiya."